Mandimu ndi soda zandiwotcha nkhope, ndithandizeni zosamalira khungu mwachilengedwe

NaPhiri_wa_25
Moni nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi dandaulo ndipo ndikupempha musandiseke chifukwa zikundiwawa kwambiri. Chiyambireni kuzizira mu June nkhope yanga ikungouma, kutuwa kuti mbuu, ukadzola mafuta m'mawa ikamakwana 10 koloko ngati sunasambe nkomwe. Komanso ndili ndi madontho akuda m'masayamu amene anatsala ziphuphu zitatha nditabereka mwana wachiwiri. Ndiye ndinaona kavidiyo pa TikTok mtsikana akusakaniza mandimu ndi soda, akuti nzachilengedwe mulibe mankhwala. Ndinadzola masiku anayi, tsiku lachinayilo ndinapaka m'mawa nkungopukuta pang'ono kenako ulendo wa pansi ku msika wa Nsungwi kukagula ndiwo. Pofika madzulo tsaya lakumanja likunyereza ngati ndathirapo tsabola wa kambuzi, pano pada kuposa kale ndipo pakusupuka. Ma kirimu a mumsika sindikuwafuna ayi, ndikufuna zinthu zopezeka kwathu konkuno. Amene mukudziwa ndithandizeni, nditani?

Mayi_Tiya
Pepani asisi. Siyani kaye zonsezo lero lomwe, musapakenso chilichonse chowawasa

Dalo_BT
Ine mandimu ndimapaka ndipo sanandipangepo kanthu, mwina munachulutsa soda yo

Nesi_waku_Zomba
NaPhiri pepani ndithu. Ndifotokoze pang'ono chomwe chachitika kuti ena asagwemo. Khungu lathu pamwamba pake limakhala ndi kaasidi kochepa kotiteteza, pa muyezo wa pH limakhala cha pa 5. Madzi a mandimu ali cha pa 2, ndi asidi wamphamvu kwambiri kwa nkhope, pomwe soda ali mbali inayo, kupitirira 8. Zonse ziwiri zimachotsa kamafuta kotchinga khungu, ndiye madzi amathawa, khungu nkuuma nkumang'ambika timing'alu tosaoneka ndi maso. Chachiwiri, mu mandimu makamaka m'khungu lake muli zinthu zoti zikakumana ndi dzuwa zimawotcha ngati moto ndipo pamatsala banga lakuda lotenga miyezi. Ulendo wanu wa ku msika uja ndi umene unamalizitsa nkhani.
Ndipo ife akhungu lakuda tidziwe chinthu chimodzi ichi, paliponse pamene khungu lapsa, lakandidwa kapena lafinyidwa limayankha popanga melanin wambiri, ndiye kuti kuda. Nchifukwa chake kukhula madontho mwamphamvu kumawawonjezera mmalo mowachotsa.
Kwa masabata awiri chitani izi basi: sambani kumaso ndi madzi ofunda pang'ono osati otentha, musakhule ndi chinkhupule kapena thaulo, pakani Vaseline wamba wopanda fungo nkhope isanaume, valani chipewa kapena tengani ambulera potuluka. Pomwe pakusupukapo osasenda ndi zala. Pakatuluka matuza, mafinya kapena kutupa pitani kuchipatala osadikira.

Dalo_BT
Koma anesi Vaseline yo si zachilengedwetu, amapanga kuchokera ku mafuta a galimoto. Munthu wafunsa za organic

Nesi_waku_Zomba
Zoona achemwali, gwero lake ndi mafuta okumbidwa pansi, koma amayengedwa mpaka kuyera ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zosautsa khungu kawirikawiri, nchifukwa chake timapaka ngakhale makanda. Chitedze nchachilengedwe, mungachipake kumaso? Pano khungu lawo lavulala, tiyambe talipoletsa kaye, za mafuta a m'mitengo zibwera likachira.

Gogo_wa_Ntcheu
Ana inu nkhani imeneyi yandikumbutsa mayi anga malemu. Ife tikukula losheni kunalibe, timadzola mafuta a nsatsi. Nsatsi zinkamera zokha kuseri kwa khola ndi kudzala, zikakhwima timathyola nkuyanika pa mphasa, dzuwa likatentha mumangomva thi thi zikuphulika njere zikudumpha. Mayi amazikazinga mu phale pang'ono, nkusinja mu mtondo mpaka zikhale ngati chiponde, kenako kuthira mu mphika wa madzi nkuwiritsa nthawi yaitali. Mafuta amayandama pamwamba, iwo nkumawengula ndi chipande pang'onopang'ono kuthira mu nsupa. Fungo lake ngati la utsi, si onse angalikonde. Tikachoka kosamba kudambo amatidontheza m'manja tonse ana asanu ndi mmodzi, miyendo kuchita kunyezimira, ndipo mu July simumaona mwana wa ming'alu pakhomo pathu. Mtondo wake unali wapadera, sumasinjiramo chakudya ayi, ndipo amatiopseza kwambiri kuti njere ya nsatsi osaika mkamwa. Panopa anthu akuzula nsatsi ngati udzu nkumakagula kabotolo ka castor oil mu famase, osadziwa kuti nchimodzimodzi.

Nesi_waku_Zomba
Agogo mwanena mfundo yofunika pa za mtondo. Njere za nsatsi zili ndi poizoni wotchedwa ricin, mwana akatafuna zochepa chabe akhoza kufa. Poizoniyo amatsalira m'zotsalira zija, salowa m'mafuta opangidwa bwino. Amene muli ndi ana ang'ono pakhomo samalani poyanika. Ndipo mafuta ake ngolemera, ku miyendo ndi zigongono ali bwino koma kumaso kwa munthu wa ziphuphu ndingakaike.

Achimwene_a_Ndirande
Amuna tikuloledwa pano? Ine vuto langa ndi zidendene, ndimagwira ntchito yoyenda ndi ma silipasi tsiku lonse, ming'alu yake mpaka bulangeti limakodwa usiku ndipo nthawi zina pamatuluka magazi. Ndinkachita manyazi kufunsa

Mayi_Tiya
Palibe cha manyazi achimwene, khungu nla aliyense. Bambo a kwathu anali chimodzimodzi. Madzulo aliwonse viikani mapazi mu beseni la madzi ofunda mphindi 15, mukhule ndi mwala pang'ono pokha, osati mpaka kufiira, mupukute nkupaka mafuta a nsatsi kapena gilisalini wosakaniza ndi madzi pang'ono, pamwamba Vaseline, kenako sokosi nkugona. Sabata ziwiri mudzandiuza. Koma lezala osayerekeza kudulira chikopacho. Ndipo ngati muli ndi shuga mapazi si osewera nawo, kaonetseni kuchipatala

Achimwene_a_Ndirande
Shuga ndilibe, ndinayezetsa chaka chatha. Zikomo mayi ndiyamba lero

Glow_Queen265
Sis NaPhiri musavutike ndi zonsezi, ndili ndi kirimu wa organic 100%, muli karoti, manjano ndi papaya basi. Madontho onse amachoka pa masiku 7 ndipo nkhope imawala. Ndipezeni ku inbox

Chifundo_K
Ayi ayi ayi. Pepani a Glow sindikulimbana nanu koma pamenepa sindikhala chete chifukwa ine ndinapsa kale. Zaka zitatu zapitazo ndinagula kabotolo kotereka kwa mayi wina wa ku ntchito, kopanda dzina la kampani, kopanda mndandanda wa zomwe zilimo, kungolemba kuti natural. Sabata yoyamba ndinasangalala, ziphuphu zonse zii, nkhope see, anthu kumandifunsa kuti ukudzola chani. Ndinadzola miyezi isanu ndi iwiri. Kenako ndinayamba kuona timitsempha tofiira m'masaya, khungu kupyapyala moti ndikangokhala padzuwa pang'ono kumaotcha, tsitsi kumera m'mbali mwa nkhope. Nditasiya ndiye kunali kulira, nkhope yonse inatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono toyabwa usiku osagona. Adokotala a khungu atandiona anangoti mwakhala mukudzola steroid. Zinanditengera pafupifupi chaka kuti ndibwerere, ndipo pansi pa maso mpaka lero mpakuda. Karoti sangayeretse munthu pa masiku 7 abale. Chilichonse chosintha mtundu wa khungu msanga chotero muli china chake chomwe sakukuuzani.

Glow_Queen265
Wanga si wotero, makasitomala anga ambiri akuyamikira

Chifundo_K
Nanenso ndinkayamikira miyezi yoyambayo. Ngati mumasakaniza nokha tiuzeni zonse zomwe mumathiramo, ngati mumaoda tionetseni lebulo ndi chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu. Mwina nanunso simukudziwa zomwe zilimo, ndipo mukudzola nokha, ndikukuderani nkhawa inunso

Mphwanga_Joburg
Chifundo akunena zoona. Kuno ku South Africa hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu, analetsa mu zodzoladzola kuyambira 1990 koma pitani mu town muone, timachubu tili mbwee pa matebulo a m'misewu, ndipo ambiri amene amatumiza katundu kumudzi amatenga zomwezo nkukathira m'mabotolo ena. Rwanda nayo inaletsa mafuta oyeretsa khungu mpaka apolisi kumalanda m'misika. Zinthu zitatu zomwe zimapezeka kawirikawiri ndi hydroquinone, ma steroid ngati clobetasol, ndi mercury. Mercury yo ndiye imaononga impso ndipo imafika kwa mwana amene ali m'mimba kapena woyamwa. Mawu oti organic aliyense akhoza kusindikiza pa sitika, ngakhale ine mawa nditha kutero.

Admin_Thoko
A Glow_Queen265 malamulo a gulu lino salola malonda a ku inbox pa nkhani za umoyo. Mukafuna kuthandiza lembani poyera zomwe zili mu kirimu wanuyo. Tipitirize.

Nyanja_Girl
Ine ndimakhala ku Mangochi, chomwe chinandithandiza ndi mafuta a malambe. Amafinya kuchokera ku njere zija timataya tikamaliza kumung'unya. Ngopepuka, salemera kumaso ngati a nsatsi, ndimadontheza madontho atatu m'manja nkupaka nkhope ikadali yonyowa. Chinsinsi chake ndi chimenecho, mafuta paokha sapatsa khungu madzi, amangotsekera madzi amene alipo kale, ndiye ukapaka pouma umangonyezimira koma mkati muli gwa

Tadala_Leeds
Mwandikumbutsa kumudzi mwee. Kuno ku UK kabotolo kakang'ono ka mafuta a malambe kali m'mashopu a zaumoyo pa mtengo woti ukasintha mu makwacha mutu umazungulira, pomwe kwathu ku Balaka mbuzi zimangopondaponda njere zake. Kuzizira kwa kuno plus ma hita a m'nyumba khungu langa linafika poyabwa usiku wonse chaka choyamba. Anzanga a ku Ghana ndi amene anandiphunzitsa shea butter wosayenga, wachikasu pang'ono wa fungo lake lija, umamusungunula m'manja kaye. Thupi lonse ndimadzola ameneyo. Mtengo wake kwathu sumera, umapezeka kuyambira West Africa mpaka kumpoto kwa Uganda, ndiye amene ali m'misika ya ku Malawi ngochokera kunja, muzinunkhiza ndi kufunsa bwino musanagule

Achimwene_a_Ndirande
Malambe ake omwewa a ma filizesi? Ana anga amamaliza ndalama zanga ndi amenewa

Nyanja_Girl
Omwewo kkk. Ufa wake ndi wa ma filizesi ndi juwisi, uli ndi vitamin C wambiri, njere ndiye mafuta

Bambo_Mlimi
Koma mitengo ya malambe yo mukuiona mmene ikuthera? Msewu wa Zalewa uja kale unali ndi mitengo yambiri yamitundumitundu, pano makala amaliza, milambe yatsala chifukwa siyipsa makala abwino basi. Ndipo yaing'ono simuiona, mbuzi zimadya ikangomera. Mlambe umatenga zaka zambiri kuti uyambe kubereka, tikamakamba za mafuta tizikambanso zobzala

Gogo_wa_Ntcheu
Zoona bambo. Ngakhale mfula umene anzathu a ku Namibia akupangira mafuta a marula nkumagulitsa kunja, kwathu timangodula kusema mitondo

Mwana_wa_ku_Angonia
Moni a ku Malawi, ine ndili mbali ya Mozambique kuno. Nditapita ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique ndinaona amayi achiMakua akuyenda masana nkhope yoyera ndi mussiro. Amatenga kamtengo kouma nkumakapera pa mwala ndi madzi pang'ono mpaka patuluke phala loyera, nkupaka kumaso. Amati limafewetsa khungu ndi kuteteza ku dzuwa la kunyanja. Chomwe chinandisangalatsa nchoti sabisala nazo, amapita nazo kumsika, ndi ulemu wawo. Ife zathu za makolo timachita nazo manyazi mpaka mzungu aziike mu botolo

Admin_Thoko
Nkhani yokoma koma tibwerere kwa NaPhiri, funso lawo la madontho silinayankhidwe mokwanira

Dalo_BT
Chabwino mandimu ndawasiya, nanga aloe vera? Ameneyo ndiye musandiletse, ndili naye pa mpanda

Nesi_waku_Zomba
Aloe vera sindikuletsani, amaziziritsa khungu lopsa ndi dzuwa ndipo ambiri amawayanja. Koma mukadula tsamba muliimike kaye mu kapu mphindi 10 kapena 15 kuti madzi achikasu owawa aja atuluke, amenewo ndi amene amayabwitsa. Mutsuke, musende, mugwiritse ntchito choterera choyera cha mkaticho chokha. Ndipo chilichonse chatsopano, kaya aloe, kaya malambe, kaya uchi, yambani mwapaka pang'ono mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono mudikire masiku awiri. Pakafiira kapena kuyabwa ndiye kuti si chanu, ngakhale mnzanu chikumuyanja.
Za madontho ndinene chilungamo ngakhale sichikoma. Palibe cha kukhitchini chomwe chingawafufute pa sabata. Khungu limasinthika pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo madontho otsala ndi ziphuphu amazilala okha pa miyezi ingapo, ena kupitirira chaka, bola zinthu ziwiri: musawautse, ndipo muwabise ku dzuwa. Dzuwa ndi limene limawadetsa tsiku ndi tsiku. Komanso poti munati anabwera mutabereka mwana, mwina ena mwa iwo ndi chigoba chija chimabwera ndi mimba kapena mankhwala ena olera, chimenecho ndi bwino akuoneni a zakhungu.

Dalo_BT
Kuwabisa ku dzuwa mukunena sunscreen, mafuta otchinga dzuwa aja? Munthu wakuda? Ine ndimaona ngati nza azungu

Mayi_wa_Madalitso
Ndilankhulepo apa. Mwana wanga wamkazi ndi wachialubino, ali ndi zaka 9. Kwa ife sunscreen ndi moyo, chifukwa khansa ya pakhungu ndi imene imatenga anthu achialubino ambiri akadali achinyamata. M'mawa uliwonse asanapite ku sukulu ndimamupaka sunscreen wamphamvu wa SPF 50 kumaso, m'makutu, kukhosi kumbuyoku ndi m'manja, chipewa chachikulu ndi malaya aatali manja ngakhale mu October. Chomwe chimandipweteka mtima ndi anthu ondiuza kuti siyani za mankhwalazo muzingomupaka mafuta a kokonati kapena aloe. Mayi wina kumudzi kwathu anamvera zimenezo, mwana wake milomo ndi makutu zilonda zokhazokha. Mafuta a m'mitengo satchinga dzuwa, chonde osanamiza makolo. Amene muli ndi ana otere funsani ku chipatala cha boma kapena a bungwe la anthu achialubino la APAM akuuzeni komwe mafutawa akupezeka. Ndipo a Dalo, inu akhungu lakuda simupsa msanga ngati mwana wanga koma dzuwa lomwelo ndi limene likudetsa madontho a NaPhiri

Dalo_BT
Pepani mayi sindinaganize mbali imeneyo. Mupatseni moni Madalitso

Tadala_Leeds
Vuto la sunscreen ambiri amasiya nkhope yotuwa ngati wapaka ufa, ndinayesa atatu ndisanapeze wondiyanja. Ndipo kumudzi ngodula. Amene simungakwanitse chipewa ndi ambulera zikuthandizani ndithu kusiyana nkungoyenda

Nachisale_KU
Ine zanga nzophweka, Loweruka lililonse ndimapotola peyala lakupsa theka, supuni imodzi ya uchi weniweni wa ku Nkhata Bay, kupaka mphindi 15 nkutsuka. Nkhope imafewa bwino nyengo yozizira ino. Osasunga zotsala, pangani zongokwana tsiku limenelo chifukwa zimaola msanga. Manjano ndinayesa koma anandisiyira chikasu pa pilo ndi m'zikhadabo. Mafuta a kokonati kumaso ayi, anandibweretsera ziphuphu pachipumi, ndimangodzola m'miyendo ndi kutsitsi

Chifundo_K
Kokonati nanenso chimodzimodzi. Koma mchemwali wanga amadzola kumaso alibe vuto. Makungu ngosiyanadi

Mai_Junior
Pepani ndilowetsepo langa. Ana anga awiri akukanda usiku wonse, tiziphuphu pakati pa zala, m'manja ndi m'chiuno. Ndakhala ndikuwasambitsa madzi a masamba a nimu sabata yachitatu ino koma sizikusintha, pano nanenso ndayamba kuyabwa

Nesi_waku_Zomba
Mai Junior mmene mwafotokozeramo zikumveka ngati mphere, ndipo apa ndiye pomwe za m'munda zimathera. Mphere ndi tizilombo tating'ono tokumba m'khungu nkuikira mazira, kusamba nimu sikutifikira. Pitani nawo ku health centre mawa akawaone, nthawi zambiri amapereka benzyl benzoate wopaka thupi lonse, akakuuzani kapakidwe kake molingana ndi msinkhu wa ana. Nyumba yonse mulandire thandizo tsiku limodzi ngakhale amene sakukanda, zovala ndi zofunda muchape ndi madzi otentha nkuyanika padzuwa. Si matenda a uve ayi, amangopatsirana pogona limodzi. Chimodzimodzi chipere cha m'mutu mwa ana, chimafuna mankhwala akumwa, osati kupaka adyo mpaka mwana kupsa.

Mai_Junior
Zikomo anesi, ndipita mawa m'mawa. Ndimaopa kuti akandinyoza

Mayi_Tiya
Pitani mayi, ana agone tulo

Gogo_wa_Ntcheu
Ndiwonjezere chimodzi chomwe sichinatchulidwe. Sopo wochapira zovala musamasambe kumaso ana inu, ndi amene akukutuwitsani. Ndi madzi otentha kwambiri aja mumakonda mu July. Ndipo idyani masamba, bonongwe, chisoso, nkhwani zotendera, mapapaya, khungu limadyanso kuchokera mkati

NaPhiri_wa_25
Ndabweranso abale patha masiku 12. Agogo mwandigwira, ndimasambadi kumaso ndi sopo wochapira yemweyo chifukwa ndimaganiza kuti ndiye amachotsa mafuta bwino, ndasiya. Ndinachita zomwe ananena anesi, madzi ofunda, Vaseline, chipewa cha bambo a kunyumba ndikamapita ku msika. Kunyereza kunasiya tsiku lachitatu, kusupuka kwatha, banga lija lilipobe koma m'mbali mwake mwayamba kuzilala. Mafuta a malambe ndawapeza, ndapaka pamkono dzulo madzulo ndikudikira mawa ndione. A Nyanja_Girl, madontho atatu aja mumapaka m'mawa mokha kapena ndi usiku womwe?

Nyanja_Girl
Yambani ndi usiku wokha sabata yoyamba, nkhope ikadali yonyowa

Achimwene_a_Ndirande
Ine magazi asiya kutuluka ku zidendene, chakumanzere chatsala pang'ono. Sokosi zake ndikuvala za mpira